Makutu a Dziko Kunja kwa Malire

Kumapeto kwa 2024, woyenda mu msewu wa Kamuzu Procession ku Old Town ankaona mizere ya galimoto itakhota kuchokera pa malo omwetsera mafuta mpaka kutseka makomo a masitolo. Madalaivala a minibasi ankagona pa mipando, akabaza a njinga zamoto ataunjikana kutsogolo, anyamata a zigubu akuzungulira uku ndi uku kufunafuna mpata. Gwero lalikulu la vutolo linali kusowa kwa ndalama zakunja, koma panalinso china chokolezera moto. Ku Mozambique anthu anali pa misewu kukana zotsatira za chisankho cha mu Okutobala, ndipo mathanki ochokera ku Beira ankayenda mwamantha, ena osanyamuka n'komwe. Pofika Disembala, anthu zikwizikwi anali atalowa m'boma la Nsanje pothawa zipolowezo.

Pa mzere wa mafuta nkhani sizisowa, koma pali funso limodzi lomwe silimveka kawirikawiri. Kodi kutsidya kwa Lingadzi, ku Capital Hill, analipo amene anatsinidwa khutu miyezi ingapo zinthu zisanafike pamenepo? Ntchito yotsina khutu imeneyi ili ndi eni ake, ndipo amalipidwa ndi misonkho ya anthu omwe anali pa mzerewo. Ndi akazitape oona zakunja.

Mawu oti kazitape salowa bwino m'khutu la Mmalawi, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Komabe ntchito yeniyeniyo njosiyana ndi mbiri yomwe inamveka. Wapolisi amafika mlandu utachitika, n'kusaka umboni woti ukaime pamaso pa woweruza. Kazembe amalankhula poyera m'dzina la dziko lake. Msilikali amagwira mfuti. Kazitape wa zakunja ntchito yake ndi kumva zomwe maboma ena, zigawenga kapena akathyali a kunja akukonza, kupeta nkhanizo kuti mankhusu achoke, kenako kuuza atsogoleri nthawi ikadalipo. Lamulo lomwe linakhazikitsa CIA ku America mu 1947 linachita kulemberatu kuti bungweli lisakhale ndi mphamvu za apolisi ndiponso lisagwire ntchito ya chitetezo cha m'dziko. Ku Britain anagawa pawiri: MI5 imayang'ana mkati, MI6 imayang'ana kunja.

Katundu yemwe bungwe lotere limapereka ndi wochepa pomuona: tsamba limodzi kapena awiri, oikidwa pa tebulo la Pulezidenti kapena nduna mmawa. Tsamba labwino limanena chomwe chadziwika, limaonetsa ngati gwero lake ndi munthu amene anaona ndi maso kapena wongomva kwa ena, ndipo limasiyanitsa bwinobwino chotsimikizika ndi chongoganizira. Wolemba tsambalo sauza nduna chochita. Iye amangoti njira ya ku Tete ingathe kutsekeka sabata zitatu zikubwerazi, ndipo zifukwa zake ndi izi. Kusankha kuti mafuta adzere ku Dar es Salaam kapena abwere pa njanji ya ku Nacala ndi udindo wa amene anavoteredwa.

Zambiri zolowa pa tsambalo sizibedwa m'kabati ya munthu. Zimachokera m'nyuzipepala za ku Maputo ndi ku Dodoma, pa wailesi, pa mitengo ya pa doko, pa zomwe anthu akulemba pa Facebook. Dalaivala wa thiraki amene wangofika ku Kanengo kuchokera ku Beira amadziwa mlatho womwe wayamba kuvuta. Mayi wa geni wotsika basi ya ku Johannesburg pa depoti ya ku Area 2 amadziwa ngati kumalo komwe Amalawi amakhala kwayamba kununkha chipolowe. Wosintha ndalama pafupi ndi Bwalo la Njobvu amamva kugwa kwa meticali kapena randi banki isanalengeze. Luso lagona pa kusonkhanitsa tizidutswa timeneti ndi kuzindikira kuti nkhani imodzi yomvedwa kwa anthu asanu ikhoza kukhala mphekesera imodzi yomweyo yomwe yangozungulira.

Kagawo kotsalako ndiko kachinsinsi, ndipo n'kamene kamachititsa kuti bungweli lisiyane ndi nthambi ya kafukufuku ya pa yunivesite. Ofisala wotumizidwa kunja, nthawi zambiri atavala malaya a wogwira ntchito ku ofesi ya kazembe, amafunafuna munthu wamkati mwa boma lina kapena gulu la zigawenga amene angalolere kumuuza zobisika. Ena amalola chifukwa cha ndalama, ena chifukwa cha kukhumudwa ndi mabwana awo, ena chifukwa chokhulupirira kuti akuletsa choipa. Munthu wotereyu amaika khosi lake pa mpeni, choncho udindo woyamba wa ofisala ndi kusunga dzina lake mpaka kumanda. Ofisalayo akagwidwa, pangano la ku Vienna la 1961 limamuteteza kuti asamangidwe, amangopirikitsidwa. Womuuza nkhani uja alibe chomutchinga.

Lilongwe nayenso amamvetseredwa. Maofesi a akazembe ali chidundumira ku City Centre, ndipo nyumba zawo zili kuseri kwa mipanda italiitali ya ku Area 10 ndi Area 43. Pa phwando la tsiku la ufulu wa dziko lina, pa kapinga wotchetchedwa bwino, mlembi wamkulu wa unduna amapezeka ataima ndi tambula m'manja pakati pa alendo atatu omwe akumufunsa mwaulemu za mgodi, za ngongole, za thanzi la bwana wake. Zambiri mwa izi ndi ntchito yovomerezeka ya ukazembe. Mu Epulo 2011 boma la Bingu wa Mutharika linathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, kalata yake yachinsinsi yopita ku London itaululika, momwe ananena kuti Pulezidenti sakufuna kudzudzulidwa. Munthuyo sanali kazitape, ankangolemba zomwe kazembe aliyense amalembera kwawo. Britain inabwezera pothamangitsa woimira Malawi, ndipo mu Julaye chaka chomwecho inaimitsa thandizo lake la mu bajeti. Bungwe la akazitape lodziwa ntchito limayenera kuthandiza atsogoleri kusiyanitsa kazembe wolemba maganizo ake ndi mlendo amene akugula zinsinsi za boma, chifukwa kusokoneza ziwirizi kumadula.

Tsoka la Malawi n'lakuti pa zaka makumi atatu zoyambirira za ufulu, maso oyang'ana kunja ankasaka Amalawi anzawo. Nthambi ya polisi ya Special Branch ndi apayoniya anali ndi makutu m'mabala, m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndipo dzanja la boma linkafika kutali kuseri kwa malire. Mu 1979 Attati Mpakati, mtsogoleri wa chipani cha LESOMA, anatsegula kalata ku Maputo, n'kuphulika bomba lomwe linamudula zala. Kamuzu Banda mwiniwake ananena poyera kuti anyamata ake ndiwo anachita zimenezo. Mu Malichi 1983 mtembo wa Mpakati unapezeka ku Harare. Pa 24 Disembala 1981 Orton Chirwa, yemwe anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959, anagwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera ndi mwana wawo. Iwo ankanenetsa kuti anabedwa kum'mawa kwa Zambia, boma linkati anawapeza mkati mwa dziko lino. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, Vera anatuluka mu Januwale 1993. Mu Okutobala 1989 nyumba ya mtolankhani Mkwapatira Mhango ku Lusaka inaponyedwa bomba la moto usiku, iye n'kufa pamodzi ndi akazi ake awiri ndi ana angapo, ndipo zala zambiri zinaloza ku Malawi.

Palibe chimodzi mwa zimenezi chomwe chinateteza mlimi wa ku Mitundu kapena kalaliki wa ku Capital Hill. Zinkateteza mpando. Ngakhale ogwira ntchitoyo sanapulumuke: Focus Gwede, mkulu wa Special Branch yemwe dzina lake linkanjenjemeretsa anthu, anagwidwa mu 1976 pamodzi ndi Albert Muwalo, mmodzi wa akuluakulu a chipani cholamula. Muwalo ananyongedwa mu 1977, Gwede anakhala m'ndende zaka zambirimbiri.

Pamene maso anali pa othawa kwawo, choopsa chenicheni chinali kukula kutsidya kwa malire. Malawi inali itamanga ubale ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, ndipo ngongole ya marandi 8 miliyoni yochokera ku Pretoria ndi yomwe inayambitsa ntchito yomanga likulu latsopano, lomwe boma linasamukirako mu 1975. Ubale umenewu unaika dziko pakati pa moto. Nkhondo ya RENAMO ku Mozambique itakula, njanji za ku Beira ndi ku Nacala zinali zitaduka pofika 1984, katundu n'kumazungulira ulendo wautali wa ku Durban, ndipo othawa nkhondo omwe anadzakhala m'dziko muno anapitirira miliyoni imodzi. Mu Seputembala 1986 Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzamuuza Kamuzu maso ndi maso kuti dziko lake likusunga zigawenga, zomwe boma la Malawi linkakana. Machel anaopseza kuti atseka malire ndi kuikapo mizinga. Chaka chotsatira asilikali a Malawi anapita kukalondera njanji ya ku Nacala. Imeneyo ndiyo inali nkhani yofunika makutu onse a dziko.

Apayoniya analandidwa mfuti ndi asilikali mu Disembala 1993 pa Operation Bwezani, kulira kwa zipolopolo kukumveka mu Lilongwe yense. Mu ulamuliro wa Bakili Muluzi munabadwa National Intelligence Bureau, yomwe inagwira ntchito zaka zambiri popanda lamulo la Nyumba ya Malamulo lofotokoza mphamvu zake ndi polekezera pake. Ku Britain nako zinatenga nthawi: MI6 inayamba mu 1909, koma lamulo loivomereza poyera linadza mu 1994. Kuno mpatawo unatsekedwa ndi lamulo la 2017, lomwe linakhazikitsa National Intelligence Service, mwachidule NIS. Bungwe limodzi lomweli limasenza zamkati ndi zakunja. Mkulu wake amasankhidwa ndi Pulezidenti n'kutsimikizidwa ndi komiti ya aphungu, ndipo lamulolo linaikanso bwalo lapadera lomvera madandaulo a anthu olakwiridwa ndi akazitape.

Chifukwa chomwe lamulo likufunikira chinaoneka mu Juni 2003. Dziko laling'ono silingakhale ndi maofisala paliponse, choncho limadalira kugawana nkhani ndi mabungwe a maiko ena. Maiko a mu Africa anachita kukhazikitsa komiti yawoyawo ya ntchitoyi, CISSA, ku Abuja mu 2004. Koma mnzako wamkulu akakubweretsera nkhani amabwera ndi zofuna zake. Mu Juni 2003 momwemo amuna asanu a kunja omwe ankakhala ku Blantyre, awiri a ku Turkey, wina wa ku Saudi Arabia, wina wa ku Kenya ndi wina wa ku Sudan, anagwidwa usiku powaganizira kuti amayendetsa ndalama za al-Qaeda. Ntchitoyo inachitika mogwirizana ndi Amereka. Khoti Lalikulu linaletsa kuti asatulutsidwe m'dziko, koma anakwezedwa ndege chiletsocho chilipo. Ku Mangochi kunabuka zipolowe, matchalitchi ndi maofesi ena n'kuonongedwa. Patapita mwezi umodzi amunawo anamasulidwa ku Sudan popanda mlandu uliwonse. Malawi inatsala ndi chigamulo cha khoti chopondedwa komanso bala pakati pa Asilamu ndi Akhristu. Udindo wa bungwe la dziko pa nthawi yotere ndi kufunsa mnzakeyo umboni, kuuyesa palokha, ndi kukana ngati lamulo la kuno silikulola.

Chinsinsi chimakopanso akuba, ndipo maiko oyandikana nafe analawa zowawa zake. Ku Zambia, akaunti ya akazitape yotchedwa Zamtrop, yomwe inali ku London, ndi yomwe ndalama za boma zinkadzeramo m'nthawi ya Frederick Chiluba. Mu 2007 khoti la ku London linagamula kuti Chiluba, mkulu wa akazitape Xavier Chungu ndi anzawo anasowetsa ndalama zokwana pafupifupi madola 46 miliyoni, ngakhale kuti khoti la ku Lusaka linadzamupeza Chiluba wosalakwa pa mlandu wakuba mu 2009. Ku Mozambique zinafika poipa kwambiri. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu, ProIndicus, EMATUM ndi MAM, omwe ankatsogoleredwa ndi ofisala wa bungwe la akazitape la SISE, anakongola pafupifupi madola 2 biliyoni aphungu osadziwa, ponamizira chitetezo cha m'nyanja ndi usodzi. Nkhaniyo itaphulika mu 2016 opereka thandizo anatseka mipopi, ndalama ya dzikolo inagwa, maboti n'kumachita dzimbiri pa doko la Maputo. Mu Disembala 2022 mkulu wakale wa SISE, Gregório Leão, ndi António Carlos do Rosário, ofisala uja wotsogolera makampaniwo, analamulidwa kukakhala m'ndende zaka 12 aliyense. Ku South Africa gulu lotsogoleredwa ndi Sydney Mufamadi linapeza kuti State Security Agency, yomwe inaphatikiza zamkati ndi zakunja mu 2009, inasanduka chida cha mbali imodzi ya chipani cholamula, ndipo linalangiza kuti bungwelo ligawidwenso pawiri.

Langizo limeneli likukhudza Malawi mwachindunji. Bungwe limodzi likasenza zonse, zamkati zimadya zakunja, chifukwa wandale amaopa msonkhano wa otsutsa ku Masintha kuposa zigawenga za ku Mecula ku Mozambique. Kasankhidwe ka akuluakulu kamaonetsanso komwe mtima uli. Mu 2014 udindo wotsogolera akazitape unapatsidwa kwa Nicholas Dausi, yemwe anali mneneri wa chipani cha DPP, ndipo atachoka pamenepo anakakhala nduna. Munthu akhale waluso chotani, wochokera pa nsanja ya chipani amavutika kuti otsutsa amukhulupirire, ndipo amavutika koposa kuti auze bwana wake zosakoma.

Kuuza bwana zosakoma ndiwo mtima wa ntchito yonseyi. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma mafumu ambiri amakonda wowaimbira m'manja. Mabungwe olemera kwambiri pa dziko lapansi anapunthwa pomwepa mu 2003, pamene America ndi Britain analowa Iraq ponena kuti Saddam Hussein ali ndi zida zoopsa zomwe sizinapezeke. Kafukufuku wa Lord Butler mu 2004 anapeza kuti nkhani zofooka zinaperekedwa kwa anthu ngati zolimba, machenjezo ake atachotsedwa. Ngati zinatheka ku London, kumene kuli ndalama ndi makomiti oyang'anira, n'zosavuta kuti zichitike pamene ofisala akudziwa kuti lipoti limodzi losakondweretsa lingamuchotsetse ntchito.

Zofuna makutu lero n'zambiri, ndipo zina zili pakhomo penipeni. Zigawenga zomwe zinayamba kuukira ku Mocímboa da Praia ku Mozambique mu Okutobala 2017 zinafika m'chigawo cha Niassa kumapeto kwa 2021, chigawo chogundana ndi Mangochi ndi Machinga, kumene mabanja ali mbali zonse ziwiri za malire. Mu Okutobala 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka manda a anthu pafupifupi 30 omwe ankaganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia, umboni wa njira ya ozembetsa anthu yomwe mutu wake uli kumpoto cha kum'mawa kwa Africa, mchira ku Johannesburg. Atsikana a kuno anakazunzika m'nyumba za ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino pa intaneti. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza aphungu kuti makina osindikizira mapasipoti alowedwa ndi akuba a pa kompyuta omwe ankafuna dipo. Mu Januwale 2025 asilikali atatu a Malawi anaphedwa kum'mawa kwa Congo pamene zigawenga za M23 zinkayandikira Goma. Mkangano wa nyanja ndi Tanzania, womwe mizu yake ili pa pangano la Heligoland la 1890 ndipo unabukanso mu 2012 chifukwa cha nkhani ya kusaka mafuta, sunathe.

Koma pali mtundu wina wa mdani yemwe amafika atavala suti, ndipo kwa dziko losauka ameneyu ndi woopsa ngati wamfuti. Mu 2022 ndalama zokwana K750 miliyoni zogulira feteleza wa AIP zinalipidwa ku Barkaat Foods Limited, kampani ya ku Britain yomwe inapezeka kuti bizinesi yake ndi ya nyama. Nduna ya zaulimi Lobin Lowe inachotsedwa mu Okutobala. Mwezi wotsatira, ku Kamuzu Palace kunasainidwa pangano ndi Bridgin Foundation ya ku Belgium, yomwe inalonjeza madola 6.8 biliyoni, ndalama zoposa theka la chuma chomwe dziko lino limapanga pa chaka. Ndalamazo sizinaoneke. Kufufuza kampani ya ku Britain sikufuna kazitape wozemba usiku, chifukwa kaundula wa makampani a kumeneko ali pa intaneti, aliyense amawerenga ulere. Pa nkhani zoterezi zotheka n'ziwiri zokha: oyenera kufufuza sanafunsidwe, kapena anachenjeza koma sanamveredwe. Zonse ziwiri ndi matenda a boma, ndipo wovulala ndi mlimi amene mvula yoyamba inamupeza alibe thumba la feteleza.

Apa m'pamene aphungu a komiti ya chitetezo, omwe amakumana m'nyumba ija ya pa Presidential Way, ali ndi ntchito yomwe munthu wamba sangaigwire. Sakuyenera kudziwa dzina la munthu amene amauza Malawi zinsinsi ku Pemba kapena ku Lichinga, ndipo asalifunse n'komwe. Koma atatseka chitseko angathe kufunsa kuti pa kwacha iliyonse yopita ku NIS, ndi tambala zingati zomwe zimayang'ana kunja kwa malire, ndipo ndi zingati zimathera potsatira galimoto za andale ndi omenyera ufulu mu Area 47. Angathe kufunsa kuti ndi maofisala angati amene amawerenga Chipwitikizi, kumva Chiswahili ndi Chimakuwa, kapena kutha kuunika mabuku a kampani. Angathe kufunsa kuti olembedwa ntchito chaka chatha analowa pa mayeso kapena pa kalata ya wachipani, kuti bwalo la madandaulo lija lamva milandu ingati, ndiponso kuti pangano la boma la ndalama zambiri ndi kampani ya kunja limadzera pa tebulo la yani nduna isanatenge cholembera.